Ulendo wa pa boti wokaona mbuna ku chilumba cha Thumbi

Ndinalipira ulendo wa theka la tsiku pa boti la injini kuchokera padoko la mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, kupita ku chilumba cha Thumbi, ndipo ndikulemba pofuna kuthandiza amene akuganiza zopitako osati kukangosambira, koma kukaona malo otetezedwa omwe nsomba zimaswanirana. Mtengo ndi wokambirana, ndipo ndi nzeru kugwirizana musanakwere ngati ndalamayo ikuphatikiza chakudya, magalasi oonera pansi pa madzi komanso yolowera m'paki.

Chilumbachi chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Madzi a m'kati mwa mtunda wa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a pakiyo ndi oletsedwa kuphamo nsomba, ndipo phindu la lamuloli ndinaliona nditangomiza mutu. Pakati pa miyala panali mbuna, nsomba zing'onozing'ono zokhala m'miyala, zankhaninkhani, zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zikupala ndere ndi timilomo tawo, ndipo ina inkathamangitsa inzake iliyonse yoyandikira mwala wake, ngakhale yoiposa msinkhu.

Mnyamata amene ankatitsogolera ndiye anandichititsa kuona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Anandilozera mbuna yaikazi yotupa kukhosi n'kufotokoza kuti yasunga mazira m'kamwa, ndipo siidya mpaka itatulutsa ana ake m'kamwamo. Pobwerera anaimitsa boti pamalo osaya n'kutionetsa maenje ozungulira ngati mbale omwe nsomba zamphongo zimakumba pamchenga pokonza chisa, monga amachitiranso chambo. Anati khoka likakokedwa pamalo otere limasalaza zisazo, limazula udzu wa m'madzi momwe kasawala (ana a chambo) amabisala, n'kukokolola mayi pamodzi ndi ana ali m'kamwa. Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake makoka amaletsedwa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nthawi imene chambo chimaswana, komanso chifukwa chake maneti oteteza udzudzu ali oopsa kwambiri akalowa m'nyanja. Iye sanabise kuti alipo ena amene amazembera usiku n'kukatchera matchera m'madzi oletsedwawo, ndipo anayerekeza ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe mafumu ndi asodzi eni ake amatseka usodzi chaka chilichonse nyengo ya mvula, aliyense n'kuchokako mpaka tsiku lotsegulira.

Chakudya chamasana chinali kampango wootcha pamakala, mpunga ndi supu ya tomato, ndipo sindikudandaula nacho. Nkhwazi nayo inabwera ataiimbira likhweru, n'kudzatola nsomba yomwe anaponya pamadzi pafupi ndi boti.

Komabe pali zinthu zimene sizinandisangalatse. Kuti mbuna zidzaze pafupi ndi alendo, woyendetsa boti ankanyenyera buledi m'madzi, ndipo nsombazo zinkasiya miyala n'kumatilumaluma zala. Zithunzi zimaoneka bwino, n'zoona, koma mbuna zambiri zinalengedwa kudya ndere ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo sindikuona kuti n'koyenera kuzizoloweza buledi tsiku ndi tsiku m'malo amene tikuti ndi otetezedwa. Nangula naye anaponyedwa pamiyala pomwepo pamene tinkauzidwa kuti ndi kwawo kwa nsombazo, ndipo pomuzula anakwekwereza mwala mpaka ndere inayandama. Ndinafunsa mwaulemu ngati sangamangirire boti pamalo amodzi okhazikika, koma anangoseka n'kunena kuti aliyense amatero. Majekete odzitetezera pamadzi analipo ochepa poyerekeza ndi ife okwera, zomwe si zazing'ono panyanja imene mwera umayamba mosachenjeza.

Ngakhale zili choncho, ulendowu ndingaulipirenso, makamaka ndili ndi ana asukulu amene chambo amangochidziwa chili m'mbale. Amene mukupita, nyamukani m'mawa madzi asanavunduke, muwerenge majekete musanakwere, ndipo muuziretu woyendetsa boti kuti buledi asiye kumtunda, pakuti mbunazo zimaoneka ndithu popanda kuzinyengerera.