Bokosi la zida zokonzera injini ya Kohler K301: pisitoni yabwino, kabuleta ya chabechabe

Wogulitsa analemba kuti m'bokosimo muli zonse zofunika kuti injini ibwerere mwakale. Mulibe zonse ayi. Muli ngati theka la ntchito, koma theka limenelo ndi labwino ndithu, n'chifukwa chake sindinabweze katunduyo.

Thirakitala yanga ndi Cub Cadet 124 yopangidwa ndi International Harvester ku Louisville, m'boma la Kentucky, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Ndi kathirakitala kakang'ono, koma musakayerekeze ndi timakina totchetchera kapinga ta masiku ano. Giyabokosi yake anatengera ku Farmall Cub, thirakitala yolimira minda yeniyeni, ndipo mphamvu imachoka ku injini kupita kumbuyo kudzera pa shafuti, osati pa lamba. Injini ndi Kohler K301 ya silinda imodzi, mahosipawa 12, chitsulo cholemera chokhachokha, yozizira ndi mphepo. International Harvester inagulitsa Cub Cadet ku kampani ya MTD mu 1981, ndipo injini za mtundu wa K zinaleka kupangidwa kalekale, choncho zida zambiri zimene mungapeze lero ndi zopangidwa ndi makampani ena. Zanga zinali zoterozo. Pabokosi panalibe ngakhale dzina la fakitale.

Sindinkafuna thirakitala yoonetsera anthu. Ndinkafuna yoti ndikapotokola kiyi m'mawa ilire, ikoke ngolo ya manyowa, itchetche udzu, madzulo ibwerere m'shedi. Nthawi imene ndinkaiyamba inkatulutsa utsi wabuluu wochititsa manyazi, oyilo ankatha ngati petulo, ndipo pulagi ukaimasula inkatuluka yakuda bii, yonyowa.

Pali msampha umodzi umene wogulitsa sakuuzani. Injini zimenezi zili ndi kachitsulo pa camshaft (shafuti yotsegula mavavu) kamene kamatsegula pang'ono vavu ya ekizozi pamene injini ikuzungulira pang'onopang'ono, kuti isavute kuliza. Ndiye mukaika geji yoyezera kompureshoni, nambala imatuluka yotsika ngakhale injini ili bwinobwino. Musagule zida potengera nambala imeneyo. Chotsani hedi, muone ndi maso. Ine nditachotsa ndinapeza kamzera pamwamba pa silinda, pamene maring'i amalekezera, koti chikhadabo chinkakodwa ndikachiyendetsa. Pamenepo mpamene ndinanyamula buloko (thunthu la injini) ndi crankshaft (shafuti imene pisitoni imazunguza) kupita nazo kwa munthu wa makina opalira zitsulo.

Apa mpamene bokosili linandisangalatsa. Amakulolani kusankha saizi: pisitoni ya saizi yoyambirira, kapena yokulirapo ndi 0.010, 0.020 kapena 0.030 ya inchi, komanso con rod (chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft) ya saizi yoyambirira kapena yothina ndi 0.010 ngati crankshaft yapalidwa. Mmisiri atayeza anati silinda ifunika 0.010, ndipo pamene pamagwira con rod panali pataphwatalala pang'ono, pofunikanso kupala. Ndinaitanitsa zida atatha kuyeza, ndipo iye anakana kumaliza kubowa silinda mpaka pisitoni yatsopano itafika m'manja mwake. Anali ndi mfundo: dzenje limatsatira pisitoni imene ilipo, osati nambala ya papepala. Ataiyeza anangogwedeza mutu, n'kunena kuti ilibe vuto. Munthuyo sayamikira zinthu wamba.

Maring'i analinso abwino. Ndinalowetsa limodzilimodzi m'silinda, n'kulikankha ndi mutu wa pisitoni kuti likhale mowongoka, n'kuyeza mpata umene umatsala pamene nsonga zake zikumana. Onse anali mkati mwa muyezo wa m'buku la Kohler, osafuna tupa. Con rod inali yosalala, ndi kasupuni kake kapansi kali bwino. Kasupuni kameneka musakaderere: injini iyi ilibe pampu ya oyilo, ilibenso fyuluta ya oyilo. Kasupuniko kamamenya oyilo pansi n'kumuwaza ponseponse, basi. N'chifukwa chake kabowo ka oyilo ka pa con rod kamayenera kuloza kumene kuli camshaft, ndipo oyilo amayenera kusinthidwa pakatha maola 25 aliwonse. M'bokosimo munalibe kapepala ngakhale kamodzi konena zimenezi. Amene alibe buku la injiniyi aliyambe kulifuna asanagwire sipanala.

Mavavu awiri analowa bwino nditawapera pamipando yake. Mpata wake ndinautchera monga buku linenera, 0.008 mpaka 0.010 ku vavu yolowetsa, 0.017 mpaka 0.019 ku ya ekizozi, injini ili yozizira. Gasiketi ya hedi ndi yolimba, koma imafuna kuti mukaliza injini n'kutentha, ikazizira mubwereze kumanga mabawuti. Magasiketi ena apepala ndi opyapyala kwambiri, ndipo ya pansi pa injini mabowo ake awiri sankagwirizana ndi mabawuti mpaka ndinachita kuwakuza. Masili a oyilo sanadonthepo mpaka pano.

Tsopano kabuleta. Ukaiona kunja imanyezimira, ungati yaposa yakale. Nditaiika, injini inalira msanga, koma inkangokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati munthu wa befu. Ndinapotokola masikuluwu ake mbali zonse, osasintha kanthu. Nditaimasula ndinapeza tizidutswa ta chitsulo totsalira ku fakitale m'kambale ka petulo, ndipo kashafuti ka thirotolo kankagwedera kuposa ka kabuleta imene yagwira ntchito zaka zoposa 50. Mpweya ukamalowera pamenepo, palibe katcheredwe kamene kangathandize. Ndinabwerera ku yakale. Ndinaiviika m'mankhwala otsukira, n'kupemerera mpweya m'timabowo tonse, n'kuika singano ndi gasiketi zatsopano, kuphatikiza kabushi kothetsa kugwedera kuja. Injini inakhazikika nthawi yomweyo. Kabuleta yatsopanoyo ili pashelefu, ndipo sindingapatse munthu amene ndimamufunira zabwino.

Kondensa ya m'bokosimo, kachida koteteza mapoyinti (timakontakiti toyendetsa moto wa pulagi) kuti asapse, nayo inafa isanathe n'komwe nyengo imodzi. Chizindikiro chake n'chosokoneza: injini ikatentha imayamba kudumphadumpha, kenako kuzima, ikazizira n'kuliranso bwinobwino. Munthu ukhoza kunamizira petulo kapena koyilo. Nditatsegula kachivundikiro ka mapoyinti ndinapeza atapsa, atachita timabowo, ndiye ndinadziwa wolakwa. Mapoyinti enieniwo analibe vuto, mpata wake ndi 0.020, koma anaonongeka chifukwa cha mnzawoyo. Gulani kondensa yodziwika dzina padera, ya m'bokosi muisunge ngati yongoyembekezera.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndi chinthu chimene mulibemo: giya ya gavana. Imakhala mkati mwenimweni mwa buloko, ndipo kuti muifikire muyenera kutulutsa crankshaft ndi camshaft. Ndi imene imaletsa injini kupyola maulendo 3,600 pa mphindi. Ikasweka, injini imathamanga mopenga mpaka con rod kuboola buloko. Munthu watsegula kale injini yonse, angasiyemo bwanji giya yakale? Ndinachita kuitanitsa payokha, ntchito n'kuima ndikuidikira. Akanachotsamo kabuleta ija n'kuikamo giya imeneyi, bokosili likanakhala lina.

Ngakhale injini itakhala yatsopano chotani, thirakitala ya tsiku ndi tsiku siyimira pa injini pokha, ndipo apa bokosili silikuthandizani n'komwe. Thanki yanga inali ndi dzimbiri pansi, mapaipi a petulo atauma n'kung'aluka, ndipo petulo wosakaniza ndi ethanol amadya labala wakale msanga. Mawaya anali ofumbutuka moti ukawapinda chikopa chake chinkangoyoyoka. Mtundu uwu uli ndi chida chimodzi chimene chimazunguza injini kuti ilire kenako n'kumatchaja batire, ndipo waya wa efi akachita dzimbiri chimafooka pa ntchito zonse ziwiri. Kuseri kwa malata ophimba injini ndinatulutsa chisa cha mbewa chathunthu pakati pa timapiko toziziritsa silinda, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chimene chinkaitenthetsa mpaka kudya maring'i. M'giyabokosi, nditamasula bawuti yapansi, anayamba kutuluka ndi madzi oyilo asanabwere. Kilatchi inafuna beya yatsopano ndi mapini a pa shafuti. Zonsezi zikaphatikizidwa zinanditengera nthawi yaitali kuposa injini.

Panopa imalira pa kiyi woyamba ngakhale kuzizire, utsi kulibe, ndipo ndi ngolo yodzaza imakwera chitunda pa giya yachiwiri osalira mokakamizika. Phokoso lilipo, kunjenjemera kuliponso. Silinda imodzi ya chitsulo ndi mmene imakhalira. Kumbukiraninso kuti makina a zaka zimenezo alibe switchi ya pampando. Mukatsika mipeni yotchetchera udzu ikuzungulira, imapitiriza kuzungulira, ndiye ana asayandikire ndipo dzanja lizolowere kuzimitsa kaye.

Ngati buloko yanu ndi yosang'aluka ndipo muli ndi mmisiri woyeza ndi kubowa, gulani bokosili chifukwa cha pisitoni, maring'i, con rod ndi mavavu, ndipo ngati wogulitsa ali ndi lina lopanda kabuleta, sankhani limenelo. Koma ngati pamutu pa pisitoni yakale mwapeza patadindidwa kale 0.030, imani kaye. M'bokosi mulibe saizi yoposa pamenepo, ndipo chotsala n'kuika silivi (paipi yachitsulo yobwezera dzenje mwakale) m'silinda kapena kufuna buloko ina musanaitanitse chilichonse.