Ndinakaona mfuti zakale ku Les Invalides, koma chomwe chanditsalira mmutu ndi mabala

Abale, mukafika ku Paris musangothera pa Eiffel, pitani ku Musée de l'Armée, nyumba yosungiramo zinthu zakale za nkhondo. Ili mkati mwa Les Invalides, nyumba yomwe mfumu Louis XIV inalamula kuti imangidwe mu 1670 yoti muzikhala asilikali ovulala ndi okalamba, ndiye ukamalowa umadziwa kuti pakhomo pomwepa panadutsa anthu opanda miyendo.

Ine ndinalipira munthu wotiyendetsa, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe. Kugawo la zida zakale kuli ma arquebus, agogo ake a gogodela, aatali komanso olemera. Zina ankayatsa wonga ndi kachingwe konyeka pang'onopang'ono. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kukula kwa kamwa la mfuti, chala chikhoza kulowa bwinobwino, ndiye taganizani mpira wa mtovu wotero ukulowa mntchafu, kuphwanya fupa, nkukankhira nsanza za malaya ndi dothi mkati mwa bala. Mafinya ndiye osanena.

Apa mpomwe bambo wotiyendetsa uja anatigwira mtima. Madokotala a nthawi imeneyo, potsatira dokotala wa ku Italy Giovanni da Vigo, ankakhulupirira kuti wonga ndi poizoni, ndiye mankhwala ake kunali kuthira mafuta owira pabalapo munthu ali maso. Mu 1537 ku nkhondo ya kufupi ndi Turin ku Italy, mnyamata wina wa ku France wothandiza asilikali ovulala, Ambroise Paré, mafuta anamuthera. Anasakaniza chikasu cha dzira, mafuta a maluwa a rozi ndi turpentine (mafuta ochokera ku utomoni wa mitengo) nkupaka otsalawo, usiku osagona poopa kuti awapeza atafa. Kutacha anapeza iwowo agona bwino, pomwe owotchedwa ndi mafuta aja ali ndi malungo, mabala atatupa, akubuula. Sanawotchenso munthu ndi mafuta. Mu 1545 analemba zimenezi mChifalansa osati mChilatini, kuti anzake ochita opaleshoni kunkhondo athe kuwerenga, kenako anayamba kumanga mitsempha ndi ulusi podula mwendo mmalo mootcha ndi chitsulo chamoto. Ine misozi inalengeza ndithu.

Chomwe sindinakonde, bamboyo anathamanga kwambiri pa chiyambi cha wonga ku China, mawu awiri basi tapitirira. Valani nsapato zofewa, malowa ndi aakulu zedi ndipo maola atatu kwa ine anachepa.