Praat yandithandiza zedi poyeza mavawelo a ana a ku Odisha

Anzanga amene mukuchita za kalankhulidwe ka ana, pulogalamu iyi musaiphonye. Dzina lake Praat, anaipanga ndi Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam, ndi yaulele kwathunthu ndipo imayenda pa Windows, Mac ngakhale Linux. Ine ndaigwiritsa ntchito kuno ku Cuttack, mzinda wa m'chigawo cha Odisha ku India, poyeza kutalika kwa mavawelo a ana olankhula chi Odia, chija ambiri amachidziwabe kuti Oriya dzina lisanasinthe mu 2011.

Chiyankhulochi chili ndi mavawelo 6 ndipo chinandidabwitsa nchoti polemba ali ndi zilembo ziwiri za i, wamfupi ndi wautali, chimodzimodzinso u, koma pakamwa kusiyana kumeneko kulibe, tanthauzo silisintha ayi. Ndiye ukamamvetsera ndi khutu basi umangoti mwanayu akulankhula ngati mayi ake, pomwe ukaika mau ake mu Praat nkutsegula spectrogram (chithunzi choonetsa mmene mauwo akumvekera) zimaoneka poyera kuti vawelo ya kamwana ka zaka zitatu ikukokeka kuposa ya wamkulu, komanso liwu lomwelo ngati pani (madzi) akalinena kasanu limatuluka mosiyana kasanu konse. Akamakula mavawelo aja amafupika nkuyamba kukhazikika chifukwa lilime, milomo ndi nsagwada zayamba kumvana. Tsiku loyamba kuona zimenezi pa sikirini ndinakhala chete kaye, zoona mtima unagunda.

Chomwe ndimaikondera kwambiri Praat ndi TextGrid, malo oikapo malire ndi maina pansi pa mau ojambulidwa. Umadula pomwe vawelo yayambira ndi pomwe yathera, kulemba dzina lake pansi, iyo nkukupatsa nthawi yake mpaka tizigawo tating'ono ta sekondi. Ntchito yake ndi yamanja ndipo imadya nthawi, liwu limodzi umatha kulibwereza kambirimbiri uli ndi mahedifoni kukhutu, koma ukaphunzira kulemba ma script (timalangizo touza Praat zochita) imawerengera yokha mafailo onse pakamodzi.

Langizo langa pa ana, mukamayang'ana ma formant (timizere takuda ta pa spectrogram tosiyanitsa vawelo ina ndi inzake) kwezani malire ake mu Praat kuchoka pa 5500 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mau) kufika cha ku 8000 Hz chifukwa kholingo la mwana ndi lalifupi, mau ake amakhala pamwamba. Komanso jambulani mau mu failo ya mtundu wa WAV, fani yakudenga muzimitse ngakhale kunja kukuotcha bwanji, phokoso lake limaphimba mathero a vawelo ndiye umangoganizira podula. Ndipo liwu likhale pamalo amodzimodzi mu chiganizo kwa ana onse, poti lakumapeto limatalika lokha.

Madzulo ena ndinadzijambula ndekha ndikunena kuti ndikufuna madzi, ndipo a wa mu liwu loti madzi anaoneka wotalika bwinobwino monga timakokera phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto mu Chichewa chathu. Ndikufunitsitsa nditadzayeza ana a kumudzi kwathu kuti ndione kuti kukoka kumeneku amakugwira ali ndi zaka zingati. Praat pa foni siiyenda, pamafunika laputopu, olo yakale imakwana.