Buku la Philip Carlo lonena za Richard Kuklinski: nyenyezi 3 mwa 5

The Ice Man: Confessions of a Mafia Contract Killer linatuluka mu 2006, chaka chomwe Kuklinski, chigawenga chomwe chinkadzitama kuti chinkalembedwa ganyu yopha anthu ndi gulu la zigawenga la Mafia, anamwalira ali mkaidi ku Trenton, New Jersey, m'dziko la America. Chingerezi chake n'chosavuta, mitu yake ndi yaifupi ndipo nkhani siichedwa. Pomwe lavuta ndi apa: zambiri zimene mkuluyu anamuuza Carlo kundende, iye anangozilemba ngati zoona osazifufuza.

Ndiye powerenga khalani ndi pensulo pafupi, muzichonga zimene khoti linatsimikiza. Sizambiri ayi. Mu 1988 Kuklinski anapezeka wolakwa pa imfa za anthu anayi: Gary Smith, Daniel Deppner, George Malliband ndi Louis Masgay. Onsewa sanali mabwana a Mafia, anali anzake akuba nawo kapena ochita nawo malonda achinyengo. Mu 2003 anavomeranso mlandu wopha wapolisi Peter Calabro. Basi, asanu. Koma m'bukuli akudzitama kuti anapha anthu oposa 100.

Mbali ya Masgay ndiyo yokoma, chifukwa ili ndi umboni. Anasowa mu July 1981, mtembo wake n'kupezeka mu September 1983 ukuoneka ngati wa munthu wongofa kumene. Kuklinski anausunga mufiriza kuti tsiku la imfa lisadziwike, koma anautaya usanasungunuke bwino, ndipo dokotala woyeza mitembo anapeza timiyala ta madzi oundana m'kati mwa thupi, kunja kukutentha. Dzina lake loti Iceman (munthu wa madzi oundana) linachokera pamenepo. Smith naye anadyetsedwa hamburger ya poizoni wa cyanide, anzake n'kumumaliza ndi chingwe cha nyale, mtembo n'kuubisa pansi pa bedi m'motelo ina ku North Bergen. Mitu yofotokoza mmene Dominick Polifrone wa ATF, bungwe la boma la America lofufuza milandu ya mfuti, anadzisandutsira chigawenga, n'kumajambula mawu a Kuklinski mpaka kumangidwa kwake pa 17 December 1986, yalembedwa bwino ndithu.

Kwinako samalani. Kuklinski akuti anali nawo pa imfa ya Jimmy Hoffa, mtsogoleri wa bungwe la anthu apantchito, mu 1975, komanso pa tsiku limene Paul Castellano, bwana wa Mafia, anawomberedwa kunja kwa lesitilanti ya Sparks Steak House ku New York mu December 1985. Chikhalirecho Sammy Gravano, wa Mafia amene anakonza chiwembu chopha Castellano ndi mnzake John Gotti, anatchula owomberawo m'khoti ndipo dzina la Kuklinski munalibe. Nkhani yoponya anthu amoyo kwa makoswe m'phanga nayo ilibe mtembo kapena mboni. Carlo sakumufunsa n'komwe kuti umboni uli kuti, komanso amabwereza mawu amodzimodzi mpaka kutopetsa.

Ofuna nkhani yoopsa yowerenga usiku aligule, koma ana lisawafike, nkhanza zake zafotokozedwa mosabisa. Ofuna mbiri yeniyeni ayambe ndi buku la Anthony Bruno la 1993, lomwe latsamira kwambiri pa ntchito ya apolisi.