Shopu ya mankhwala a ziweto ku Kamuzu Road yomwe inandibweza ndi ndalama m'manja

Ndakhala ndikufuna kulemba za kashopu aka kuyambira mwezi watha koma ntchito ya kukhola simapereka mpata. Dzina sinditchula, kali mbali ya ku Kamuzu Road kuno ku Salima, amagulitsa mankhwala a ziweto, katemera, chakudya cha nkhuku ndi timbewu ta kudimba, ndipo amene amakhala pa kauntala nthawi zambiri ndi mayi ena osaseka wamba omwe anaphunzira za ziweto.

Ine ndimaweta ma broiler, 200 pa batch, ndalama zikavuta 150, ambiri amatenga ndi a malo ogona alendo ku Senga Bay ndi anyamata a chiwaya mtauni muno. Ndivomere kaye tchimo langa musanandiweruze. Kwa zaka zitatu anapiye akangofika tsiku loyamba ndinkathira oxytetracycline m'madzi, odwala kaya osadwala, ameneyu ndi antibiotic, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, ngati enawa ndikutchulawa. Mmodzi akayetsemula sabata yachiwiri, tylosin. Wina akafooka sabata yachinayi, enrofloxacin. Masiku olembedwa papaketi sindinkamaliza ayi, zikangodzuka tsiku lachiwiri basi ndasiya otsalawo ndasungira batch ina, ndikumadziona ngati dolo wodziwa kusunga ndalama. Choyezera chake chinali chitsekerero cha botolo, lero chodzadza mawa chatheka kutengera mmene thumba lilili.

Ndiye mu Okutobala muja, kutentha kwa kuno mukukudziwa, nkhuku zili sabata yachinayi zinayamba kupuma ngati zikuliza nkonono, nthenga nyankhalala, zili duu pakona osadya. M'mawa ndapeza 6 zafa, mawa lake 9. Ndinathamangira kushopu ina yomwe ndinkagulako kale, mnyamata wake osafunsa olo funso limodzi anangotsitsa kabotolo pa shelefu nkuti iyi ndiyamphamvu bwana mukasakanize ndi ija munatenga. Ndasakaniza, masiku atatu, maliro osatha. Ndi mayi ena oyandikana nawo omwe amaweta zoikira mazira anandiuza kuti tapitani ku kashopu ka ku Kamuzu Road kaja mukayese.

Ndafika, ndafotokoza, ndalama zili m'manja kale. Mayi a pa kauntala aja anangondiyang'ana nkuti, "Yakufayo mwabwera nayo bambo?" Ndati ayi. "Kaitengeni, yofa lero lomwe osati yadzulo, mutengenso mapaketi onse a mankhwala amene mwazipatsa." Ndinanyansidwa zedi, dzuwa limenelo ndikwerenso kabaza kupita ndi kubwera, mumtima ndikuti shopu yanji yokana ndalama. Koma ndinapita poti ndinalibe kolowera.

Kuseri kwa shopu anayala katoni, kuvala magulovu, kuing'amba ndi sizasi ine ndikuona. Mtima wa nkhuku ija unali utakutidwa ndi zinthu zachikasu ngati mafuta oundana, chiwindinso chimodzimodzi, moti anachita kuzisenda ndi nsonga ya sizasi ngati akusenda kapepala, timatumba ta mpweya tomwe timayenera kuoneka mbee tili mbuu. Anati izi zimaoneka kawirikawiri ndi bakiteriya wa E. coli, amalowa nkhuku ikafooka ndi mpweya woipa wa mkhola. Kenako mafunso, pansi mwathira chani, ndati mankhusu a mpunga. Ndi ouma? Ndinakhala chete poti pansi pa zomwera panali chinyontho chokhachokha ndipo ukalowa m'mawa fungo limachita kuwawa mmaso. Mawindo? Ndinali ndisanachotse mapulasitiki omwe ndinatchinga anapiye ali aang'ono, mu Okutobala, ku Salima. Manyazi ake.

Atayala mapaketi aja pa kauntala ine ndinati mayi nkhuku zangazi zazolowera mankhwala eti. Anati ayi bambo, nkhuku ya masabata anayi yazolowera liti, chomwe chasiya kumva mankhwala ndi tizilombo ta mkhola mwanu ndipo mwatiphunzitsa ndinu nomwe. Mukathira mankhwala ochepa kapena kusiyira panjira, tofooka timafa, tolimba timatsala popanda wolimbana nato, ndiye E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, pofika batch yotsatira khola lonse ndi la zidzukulu za tolimba tija, tili mu ming'alu ya pansi, mu zomwera, pa nsapato zanu. Chinandiopsa kwambiri nchakuti akuti mabakiteriya amapatsirana nzeru yokana mankhwalayo ngakhale a mitundu yosiyana, ngati mmene timatumizirana nyimbo pa foni.

Sananame kuti akudziwa zonse, apa mpamene ndinawakhulupirira. Anati kudziwa mankhwala enieni omwe angagwire nkofunika kupima ku labu, ngati ya boma ya Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, komwenso amapanga katemera wa chitopa wotchedwa I-2, koma poti nkhuku zikufa lero tiyambe ndi zomwe tingathe. Siyani zosakaniza zonse, chotsani mapulasitiki, mankhusu onyowa atuluke, zodwalitsitsa zipatuleni, zomwera muzitsuka tsiku ndi tsiku. Anandigulitsa mtundu umodzi wokha womwe ndinali ndisanagwiritsepo, ndi mavitamini, nkundilembera pa kapepala muyezo wake pa ndowa ya malita 20, masiku asanu osadumpha, pansi pake deti lomwe ndingayambe kugulitsa mankhwala atatha mthupi. Za deti limeneli kale sindinkalabadira nkomwe, kasitomala akaimba foni ndinkangogwira nkupha olo zamwa mankhwala dzulo lake. Amene munadya chipisi ndi nkhuku yanga mundikhululukire.

Usiku umenewo ndinamaliza bando ndikuwerenga pa intaneti, ndipo zina zinandisowetsa tulo. Enrofloxacin ndinkamuthira ngati shuga uja ndi pachibale ndi cipro, yemwe amatipatsa kuchipatala tikadwala typhoid, moti ku America analetsa kumupatsa nkhuku mu 2005 ataona kuti bakiteriya wa Campylobacter wochokera ku nkhuku wayamba kukana mankhwala mwa anthu. Maiko a European Union analetsa zothira ma antibiotic mu chakudya kuti ziweto zikule msanga mu 2006. Kafukufuku wamkulu anapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira padziko chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo kuno kumwera kwa Sahara nkomwe zinali zoipa kwambiri. Ngakhale Alexander Fleming mwini wake wa penicillin anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mankhwala osakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kulimba. Ine ndi chitsekerero changa cha botolo ndinali kuchita zomwezo ndendende, ndiye chitosi cha mkhola mwanga ndimagulitsa kwa a madimba omwe amathira mu mpiru ndi tomato, mwana wanga wamng'ono amalowa mkholamo osavala nsapato kukathandiza kumwetsa. Ganizani nokha.

Tsiku lina ndili pa mzere kunabwera bambo ena achikulire, nkhuku zawo za lokolo zikupinda makosi ndi kutsegula zobiriwira, akufuna makapisozi. Mayi aja anati agogo chimenecho ndi chitopa, ndi vayirasi, kapisozi sachita kanthu olo muthire paketi yonse, chitopa timachipewa ndi katemera wa kadontho m'diso miyezi inayi iliyonse nkhuku zisanadwale. Agogo anatuluka akung'ung'udza mawu omwe aja ndinanena ine mumtima, ndipo sindikukayika kuti anakawapeza makapisoziwo penapake, poti pamsika ngakhale makapisozi a anthu amagulitsidwa ngati maswiti.

Tsopano zoipa zake, poti si kumwamba. Mitengo ndiyokwererako kusiyana ndi mashopu ena, makamaka chakudya, ine finisher ndimakagulabe kwina. Mzere umayenda ngati nkhono chifukwa aliyense amafunsidwa mafunso khumi, ngati muli pachangu musayerekeze. Mayiwo akachokapo, mnyamata wotsalayo zambiri amangoti mubwere mawa, ulendo wina ndinapita kawiri pachabe. Malo okhala palibe, mthunzi palibe, umangoima padzuwa. Ndipo kayankhulidwe kawo nkosanyengerera, amakudzudzula anthu akumva, ena sangapirire zimenezo.

Koma katemera wawo amakhala mu filiji ya sola moti magetsi akazima sindida nkhawa, ndipo sakupatsa ngati sunabwere ndi fulasiki kapena ayisi. Deti lothera mphamvu amakuonetsa okha usanafunse.

Batch ya Okutobala ija ndinataya nkhuku 41. Khola ndinalitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo nkulisiya masabata awiri lili lokha, chinthu chomwe sindinachitepo chiyambire poti ndinkangotulutsa lero mawa ndalowetsa ena. Batch yotsatira sindinathire antibiotic tsiku loyamba, mavitamini okha ndi katemera wa chitopa ndi wa nthenda ina ya anapiye ya gumboro pa nthawi yake, zinafa 7 ndipo zambiri ndi za sabata yoyamba. Sindikuti ndi umboni wa chilichonse, mvula inali itayamba kunja kwazizirako, koma ndalama ya mankhwala yomwe sindinagule ndinaiona mthumba.

Pa 5 ndiwapatsa 4, imodziyo ndachotsera dzuwa lija ndi mnyamata wa mubwere mawa. Mukamapita pitani m'mawa mayiwo alipo, mutenge fulasiki, ndipo ngati zikufa musaiwale yakufayo mu jumbo kuti musakwere kabaza kawiri ngati ine.