Miyezi 9 ndikuyeza mzere wa intaneti ku Area 47

Ndimayang'anira WiFi ya nyumba za lendi ku Area 47, anthu pafupifupi 30 pa laini imodzi ya 50 Mbps. Mu Januwale ndinayatsa CAKE, pulogalamu yogawa intaneti mwachilungamo ndi kuchepetsa kuchedwa, pa rauta ya MikroTik n'kuyamba kuyeza ndekha m'malo momangomvera madandaulo. Mpaka lero zikugwira, koma sizinathetse zonse.

Chinkandipusitsa ndi avareji. Ukawerengera tsiku lonse, laini inkaoneka kuti sikudzaza n'komwe, koma ikangokwana 8 koloko usiku mafoni a pa WhatsApp ankadukaduka. Wopita kuchigayo amazidziwa izi: m'mawa wonse chigayo chili zii, koma amayi akafika nthawi imodzi, mzere umafika kumsewu. Masamu a mizere, omwe Agner Erlang anawayamba mu 1909 akugwira ntchito pakampani ya matelefoni ku Copenhagen, amanena zomwezi m'manambala. Pa chitsanzo chosavuta kwambiri, laini ikadzaza 50 peresenti mumakhala paketi (kachidutswa ka uthenga woyenda pa intaneti) imodzi pa avareji, pa 80 peresenti mapaketi 4, pa 90 mapaketi 9, pa 95 afika 19. Taonani, kungowonjezera 5 peresenti yomalizayo, mzere wakula kawiri.

Choncho ndimayeza ndi ping ndi iperf3, mapulogalamu oyezera kuchedwa ndi liwiro la laini, kuyambira 7 mpaka 10 usiku basi. Ndimakhulupirira liwiro limene ndapezalo, osati lolembedwa pa risiti. CAKE ndimaiika cha pa 90 peresenti ya liwirolo kuti mzere uzipangika pa rauta yanga, pomwe ndingathe kuuwongola, osati m'zipangizo za otigulitsa intaneti. Poyamba zinkandiwawa kusiya ma Mbps ndawalipira ndekha. Koma tsopano wina akamatsitsa filimu, mnzake amayankhula ndi amayi ake kumudzi osamveka ngati ali m'chitsime.

Laini yathu imadzera pa mlongoti, ndipo mvula ya Febuluwale inatsitsa liwiro. Ine ndinaiwala kutsitsa nambala pa rauta, mzere unabwerera kumene unali, madandaulo nawo anabwerera. Vuto linali langa, ndipo kuyambira pamenepo ndimayeza sabata iliyonse.

Pomwe masamuwa amandikhumudwitsa ndi pa mpira. Chitsanzo chija chimatenga kuti aliyense amabwera payekha, nthawi yake. Usiku wa Premier League anyamata onse amalowa limodzi, ndipo CAKE imagawa mwachilungamo koma siwonjezera kanthu. Anthu 20 akamaonera, aliyense amapeza 2 Mbps n'kakang'ono, chithunzi n'kumachita chifunga.

Ndinawauza alandilodi kuti: "Bambo, laini ikamadzaza kupitirira 80 peresenti madzulo masabata atatu otsatizana, tigule laini yokulirapo." Sabata ino ndi yachiwiri, ndipo ayamba kale kufunsa mtengo.