COO kapena CSR potembenuza matrix yochuluka maziro

Matrix (tebulo la manambala) ya mizere 1,000 ndi makolamu 1,000 ili ndi malo 1,000,000. Ngati manambala osakhala ziro alipo 3,000 okha, kusunga zonsezo n'kungowononga memory. COO ndi CSR ndi njira ziwiri zosungira manambala osakhala ziro okhawo.

COO imasunga zinthu zitatu pa nambala iliyonse: mzere, kolamu ndi nambalayo. Zonse pamodzi 9,000. Siivuta kumanga, mumangoponyamo manambala momwe akubwerera. Potembenuza mumasinthanitsa mzere ndi kolamu, basi. Koma mndandandawo umasokonekera. Mukati muusanje pofufuza kolamu iliyonse m'ndandanda wonse, ntchito imafika 1,000 kuchulukitsa 3,000, ndiye 3,000,000. Ndi bwino kuyamba mwawerenga manambala a m'kolamu iliyonse, kupeza pamene kolamuyo iyambire, kenaka kuika nambala iliyonse pamalo pake kamodzi kokha. Apo ntchito imatsika kufika pa masauzande ochepa.

CSR siibwereza mzere pa nambala iliyonse. Imangolemba pamene mzere uliwonse ukuyambira, choncho imasunga manambala 3,000, makolamu ake 3,000 ndi malire a mizere 1,001, zonse pamodzi 7,001. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti manambala omwewo mukawawerenga ngati CSC (njira yofanana ndi CSR koma yotsata makolamu m'malo mwa mizere), mwapeza kale matrix yotembenuzidwa osasuntha kanthu. SciPy, pulogalamu ya masamu ya mu Python, imachita zomwezi. Kungoti mukafunanso CSR, kuwerenga manambala a m'kolamu iliyonse kuja simungakuthawe, ndipo kulowetsa nambala yatsopano pakati kumakankha zonse zotsatira.

Ine ndimamangira mu COO, ndikamaliza n'kusinthira ku CSR, makamaka ngati matrixyo ndiziichulukitsa ndi vector (mndandanda umodzi wa manambala) kambirimbiri.